Petulo Wogonera m'Pikapu ya Yobe

Pikapu imene malemu Yobe anasiyira mkazi wake Dina inali yakale kuposa mwana wawo woyamba, Luntha. Dina anaphunzira kuiyendetsa yekha, ndipo anthu a ku Simlemba anali atasiya kudabwa akamuona pachiwongolero. Koma chaka chimenecho galimotoyo inagona m'chigafa dzinja lonse mpaka masika kudutsa, thanki ili ndi petulo pang'ono, chifukwa mvula inali itadula msewu.

M'mawa wina wa Ogasiti, mphepo ikukolopa fumbi pabwalo, anaikankhira panja kuti akasiye mabelo a fodya kudepoti. Wopakira anali mlamu wake Zakeyo, mng'ono wa malemuyo. Apongozi a Dina, a Feliya, amayi a Yobe ndi Zakeyo, anali atakhala kale kutsogolo. Iwo ankapita kuchipatala ku Boma, popeza ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri.

Injini inakana, inatsokomola, kenako inalira monyinyirika. A Feliya anakweza mphuno.

"Amake Luntha, chikununkha n'chiyani muno?"

"Ndi petulo, amayi. Yakhalitsa osayenda."

Komabe Dina anatsegula boneti. Payipi yodzera mafuta inali yofewa ngati nthochi yoyiwalika m'thumba, ndipo inamsiyira zakuda m'zala. Anapukutira pachitenje.

Pamsika anaima pagolosale ya a Rajab, amene ankagulitsanso oyilo ndi tizitsulo ta galimoto. Bamboyo anatuluka akukonza kachisoti kake, nasuzumira mu injini. Atatsina payipi ija, kadontho kanatuluka pambali.

"Petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanolo, uja wochokera ku nzimbe," anatero. "Galimoto yanga ija ndi nkhalamba ngati yanuyi. Imamwa yemweyo ndipo imayenda, koma ndinaisinthira mapayipi onse. Mphira wakale amadyeka naye. Ndiye petuloyu akagonera m'thanki miyezi, amakoka madzi. Mayi, lero igonekeni pano."

"Payipi yatsopano mulibe?"

"Yatha. Pokhapokha ku Boma."

Zakeyo anaseka ali pamwamba pa mabelo. "Galimoto iyi yamwa petulo ameneyu ine ndisanamere ndevu. Iyambe kudwala lero? Alamu, lole kudepoti sidikira munthu."

Dina anayang'ana apongozi ake, amene anali atafumbata mpango pamiyendo, nkhope italoza kumene samakuona. Madokotala a maso ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo ulendo wapitawo anawaphonya. Anadziuza kuti akangofika ku Boma, choyamba chikhala payipi. A Rajab anakulunga malo odonthawo ndi chidutswa cha chubu, anamanga ndi waya, koma m'manja mwawo munalibe chikhulupiriro.

"Mukamva fungo likukula, muzimitse," anatero. Sanawatsanzike ndi nthabwala monga ankachitira masiku onse.

Msewu unadzera m'minda yokololedwa kale, momwe ziputu za fodya zinali ndandanda. Udzu wa m'mbali unali wouma gwa, wotalika kuposa munthu. Fungo linkalowa pang'onopang'ono, mpaka Dina anayamba kulimva palilime. Anatsitsa galasi. Ndi pamene anaona utsi patsogolo, chakumanja, kudambo kumene msewu umatsikira. Osaka mbewa anali atayatsa tchire. Akamtema ankazungulira pamwamba pa utsiwo.

Zakeyo anamenya denga. "Pondani, alamu! Tidutsa usanafike!"

Kubwerera kunali kovuta, msewu unali wopanikizika ndipo mbali zonse kunali ngalande. Dina anaponda. Galimoto inatsetsereka bwinobwino, koma itafika pamchenga wa pakati pa dambo injini inajejema, inagwira, inajejemanso, kenako zii. Anapotokola kiyi. Inangolira ngati mbuzi yotsamwa.

Phokoso la injini litatha, linamveka lina: kuthetheka kwa udzu, ndi mphepo ikubwera nako.

Dina anatsika nagwada. Pansi pa injini mchenga unali utada, ndipo petulo sankadonthanso, ankachucha. Chubu cha a Rajab chinali lendelende pawaya. Tizidutswa ta udzu wopsa tinayamba kugwa paboneti, tina tikadali tofiira kunsonga.

"Amama, khirani!" Chitumbuka cha kwawo chinatuluka chokha powauza kuti atsike. Anatsegula chitseko, nakoka a Feliya.

"Ndodo yanga, mwanawe."

"Isiyeni!"

Anawabereka kumsana ngati khanda nayamba kuthamanga kubwerera kumtunda. Mchenga unkamugwira mapazi. Utsi unali utatseka dzuwa, moti linkaoneka ngati dzira lofiira. Atacheuka, anaona Zakeyo akugubuduza mabelo kuwagwetsera mumsewu.

"Alamu, tsikani! Musiyeni fodyayo!"

"Thukuta la chaka chonse ili!"

"Kunsi kwanuko kuli petulo!"

Sanamve, kapena anamva koma manja anakana. Moto unalumpha ngalande. Dina anauona ukukwawa pamchenga, pamene panalibe udzu ndi umodzi womwe, wabuluu, wosafulumira. Unalowa kunsi kwa galimoto. Kwa kanthawi sikunachitike kanthu. Kenako boneti inadzuka yokha, malawi anatulukira m'magudumu, ndipo fodya wouma uja anaulandira moto ngati ankaudikira.

Zakeyo anadumpha malaya akuyaka kumsana. Anagwera m'ngalande, anagubuduka m'dothi, nadzuka n'kuthamanga atatambasula manja kutsogolo. Atafika pamene panali Dina, khungu la m'manja mwake linali litatuwa ndi kusendeka. Sankalira. Mano okha ankagundana.

A Feliya anakhala pachulu, akutembenuzira khutu kudambo. Thanki itaphulika, anagwedeza mutu pang'ono.

"Zakeyo ali kuti?"

"Ndili pano, amayi."

"Bwera ndikugwire."

Iye anabisa manja kumbuyo, nawapatsa mutu. Mayiwo anausisita, napeza tsitsi lopsa likuyoyoka m'zala zawo.

Utsi wa fodya unadzaza dambo lonse, wonunkhira ngati m'chigafa nthawi yosankha masamba. Anthu anayamba kutulukira m'midzi ndi nthambi zaziwisi, koma panalibe chozimitsa. Anyamata awiri a njinga zamoto ndiwo anawatenga kukafika kumsewu waukulu, kumene anakwera minibasi.

Zakeyo anagonekedwa kuchipatala milungu ingapo, ndipo zala ziwiri za kudzanja lamanja sizinawongokenso. A Feliya anapeza madokotala a maso atatseka kale mzere wa tsikulo. Mawa lake Dina anabwerera kudambo ndi ngolo ya ng'ombe yobwereka. Mwa mabelo amene mlamu wake anagwetsa, awiri okha anali ndi fodya wogulitsika mkati, ziguduli zitapsa kunja. Anthu anamuthandiza kukankhira chigoba cha galimoto m'mbali kuti ena azidutsa.

Akumanga mabelowo pangolo, inatulukira pikapu ina yakale, yodzaza ndi anthu opita kumaliro, azimayi akuimba kumbuyo. Woyendetsa anachepetsa liwiro kuti aone chigobacho. Dina anakweza dzanja kuti amuimitse amuchenjeze za payipi ya petulo, koma bamboyo anayesa ndi moni, anabweza moniwo, nakwera mtunda.