Mlandu wa Zitsime za Apalestina

Achemwali anga a Paromita amaphunzitsa za mapu pa yunivesite ina ku Kolkata. Tsiku lina anabwera masana, mpunga ndi nsomba osaziyang'ana n'komwe.

"Akuluakulu a yunivesite andiletsa kukamba za zitsime za Apalestina," anatero. "Akuti ndi ndale. Lachisanu andizenga mlandu, mwina ntchito ithera pomwepo."

Alamu anga a Tapan anagwira mutu. "Amake Mithu, mitsinje yonse ili kunoyi, inu kukasankha zitsime zakutali? Kapepeseni basi!"

"Ndipepese chiyani? Ndinakhala nawo anthuwo. Ndinaona bambo akuloza chitsime cha makolo ake kuseri kwa waya, mitengo yake ya azitona ikuuma."

Mayi Rukhsana, oyandikana nafe, amene anali loya asanapume, anamva zonse ali pakhonde.

"Iwe Tapan, mantha ako akumveka mpaka kwathu," anatero. "Paromita mwananga, usapepese, komanso usatukwane munthu. Malamulo a sukulu yanu amalola kuti mlandu ukambidwe poyera. Kapemphe zimenezo. Sangakuweruze asanamve mawu amene akukuimbira mlanduwo."

Ine ndimadzitama kuti zozunguza mutu ndimazitha, koma nzeru ya mayiwa ndinaizindikira Lachisanu, holo itadzaza mpaka m'mawindo.

"Tiuzeni zimene mumafuna kunena," wapampando wa oweruza mlanduwo analamula achemwali.

Choncho phunziro loletsedwa lija linaphunzitsidwa, molamulidwa ndi oliletsa omwewo.

Achemwali sanakuwe. Anatambasula mapu n'kuyamba kutchula midzi, umodziumodzi, ndi mayina a anthu amene anawamwetsa madzi kumeneko. Achemwali omwe aja ankandikoka makutu ndili mwana, tsiku limenelo ndinawayang'ana ndi ulemu waukulu.

Kenako anaimirira Pulofesa Bagchi, nkhalamba imene inkatsutsa achemwali pamsonkhano uliwonse.

"Maganizo akewa sindigwirizana nawo, ndipo ndipitiriza kuwatsutsa," anatero. "Koma umboni ali nawo. Mukamuchotsa, ndizitsutsana ndi ndani? Ndi inuyo, ongogwedeza mitu?"

Mlandu unathera pomwepo, ntchito inatsala. Panja ophunzira ankawerama kugwira mapazi a achemwali posonyeza ulemu. A Tapan, misozi ili m'maso, ankauza aliyense kuti, "Akazi angatu amenewo!"

Munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula komanso womvedwa asanaweruzidwe. Mukamayankhulira oponderezedwa, dziwani malamulo, nyamulani umboni, ndipo lemekezani okutsutsani.