Funso Lomwe Ndinawonjezera pa Mndandanda wa a Kaputeni

Amuna anga sanakwerepo ndege chibadwire, koma Loweruka lililonse amaulutsa ndege yodzaza ndi anthu kuchokera m'chipinda chomwe ankagonamo mwana wathu asanakwatiwe. Ntchito yawo yeniyeni ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Sabata yonse amakhalira kupondera ophunzira mabuleki, ndiye likafika Loweruka amavala malaya oyera osita bwino, n'kukhala patsogolo pa masikirini atatu a kompyuta, basi asanduka a Kaputeni. Dzinali linayamba ngati chipongwe cha mng'ono wanga, eni ake n'kulilandira ndi manja awiri.

Ndisaname, ndinaziputa ndekha. Kale Loweruka linkawathera kumowa, ine n'kumadandaula kuti bambo sakhazikika pakhomo. Tsiku lomwe anabwera ndi kompyuta ndi kachiwongolero ka ndege ndinachita kuwomba m'manja. Walira mvula walira matope. Lero munthu ali pakhomo ndithu, koma ukamufuna ali pamwamba pa mitambo.

Dongosolo lake silisintha. Ikakwana 1 koloko masana amayamba apita kuchimbudzi, chifukwa ulendo ukayambika saimitsa, ati ndege yeniyeni ilibe batani loimira m'malere. Ngati ulendowo ndi wa maola anayi, ndiye kuti maola anayi ndithu. Kenako amavula nsapato kuti mapazi azimva bwino zopondera za pansi pa tebulo. Khofi amamwera m'kapu ya chivindikiro kuyambira tsiku lomwe anamwetsa mabatani, n'kulira maliro ake sabata yathunthu. Mawilo a mpando amawatchinga ndi timatabwa tiwiri. Akatero amatenga tochi, dzuwa likuswa mtengo, n'kugwada kuseri kwa tebulo kuunika mawaya limodzi ndi limodzi. Kumeneko ati n'kuyendera ndege. Munthu yemweyu mpopi wa kubafa wadontha chaka chonse, sanauunikepo ndi tochi ngakhale kamodzi.

Ine gawo langa ndi mndandanda. Ndi pepala lokutidwa ndi pulasitiki, la mafunso makumi awiri oyenera kuyankhidwa ndege isananyamuke. Ndimakhala pa kampando ka kukhitchini kudzanja lawo lamanja n'kumawerenga, iwo akuyankha. Tikatha ndimatuluka, iwo n'kuyamba kulonjera anthu okwera omwe kulibe. Ndachita zimenezi zaka zinayi osadandaula kwambiri.

Mwezi watha adokotala anandipeza ndi chotupa m'chiberekero, n'kunena kuti chiyenera kuchotsedwa. Anandipatsa tsiku la opareshoni: Lolemba, 7 koloko m'mawa, ndipo ndibwere ndi munthu wondidikirira. Ndinkafuna kuti munthu ameneyo akhale amuna anga, osati wina.

Ndinawauza katatu. Koyamba tili patebulo, anangoti, "Madokotala a masiku ano ndi akatswiri, mayi," n'kunyamuka kukatsuka mbale yomwe anali asanamalize kudyera. Kachiwiri tili m'galimoto, anayamba kukalipira woyendetsa wa kutsogolo kwathu kuti wakhota osalozera, mpaka tinakafika kunyumba nkhani ili yomweyo. Kachitatu ndinangomata kalata ya kuchipatala pa chitseko cha firiji. Anaiona, n'kuiwongola chifukwa inapendama, n'kutulutsa madzi akumwa. Milungu itatu inatha osandifunsa ngakhale funso limodzi. Lachisanu ndinasuzumira m'kabuku kawo ka ntchito. Lolemba 7 koloko munali mayina a ophunzira awiri, osafufutidwa.

Mng'ono wanga anandiimbira foni tsiku lomwelo.

"Achemwali, asiyeni alamu angawo aziuluka. Ndibwera ndine, ndikakudikirirani."

"Ndinakwatiwa ndi iwe kodi?"

"Ndiye mutani? Mukawakwezere kalatayo kumitambo komweko?"

Iye ankaseka, koma ine zinali zitandikwana. Loweruka m'mawa, bambo akusita malaya awo, ndinatenga cholembera changa chofiira cha kusukulu n'kulowa m'chipinda cha ndege.

Masana zonse zinayenda monga mwa masiku onse. Anakhala pampando, n'kuvala zomvera za m'makutu, khutu limodzi atalisiyira ine. Pa sikirini ndege inali itaima kumayambiriro kwa msewu wake, injini zikulira m'masipika.

"Mndandanda, mayi."

"Zitseko?"

Anayang'ana kanyali kake, n'kukakhudza ndi chala. "Zatsekedwa."

"Mafuta?"

Anayang'ana, n'kukhudza. "Okwana."

"Mabuleki?"

"Amangidwa."

Ndine mphunzitsi, ndipo ndaitana mayina m'kalasi zaka makumi awiri ndi zisanu. Ndimadziwa mawu a mwana amene akuyankha alipodi, ndi a amene akuyankhira mnzake wojomba. Pa mndandanda pokha amuna anga amayankha alipo, thupi ndi nzeru zomwe. Zinandiwawa kuti kanyali ka pa sikirini kakulandira ulemu womwe ine ndausowa milungu itatu. Tinafika pa funso la makumi awiri, iwo n'kuika dzanja pa chokankhira moto wa injini, okonzeka kunyamuka.

"Mndandanda sunathe," ndinatero. "Funso lomaliza. Mkazi wanu akulowa opareshoni Lolemba. Womudikirira?"

Dzanja lija linauma pomwepo.

"Mayi, zimenezo palibe pa mndandanda."

"Zilipo. Onani."

Ndinawaonetsa pepalalo. Pansi penipeni panali mzere wanga wofiira. Mukuganiza kuti anawerenga? Ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kupukuta.

"Mwalemba ndi chosafufutika? Mayi, pepala limeneli ndinakakutitsa kutauni!"

Ambuye ndikhululukireni, ndinalakalaka kuwamenya nalo pepala lomwelo. Ndinaluma mano n'kukhazikika bwino pa kampando kanga.

"Yankhani, a Kaputeni."

"Injini zikalira sitikamba za kunja. Mukudziwa bwino lomwe. Tikambirana tikatera."

"Mukatera mudzati mwatopa. Mawa mudzati mukukonza mawaya. Munanena nokha ndi pakamwa panupo kuti funso limodzi likapanda kuyankhidwa ndege sinyamuka, ngakhale atakwera ndani. Anthu anuwo adikire. Ine ndadikira milungu itatu, sindinafe."

Anapumira m'mwamba, maso ali pa sikirini. "Chabwino. Zili bwino."

"Ayi. Simunayang'ane, simunakhudze. Zitseko mwaziyang'ana, mafuta mwawakhudza. Tsiku lija ndinalumpha funso la mapiko munandiyambitsanso pepala lonse ngati mwana wa sukulu ya mkaka, n'kundilalikira kuti oyankha osaona ndi amene amapha anthu. Lero ndiye mwasintha chiphunzitso?"

Amuna anga akhoza kuzemba ine, akhoza kuzemba abale awo, koma lamulo lomwe analemba okha n'kulikutira pulasitiki sangalilumphe. Anayesa kukankha chokankhira chija, dzanja n'kubwerera lokha. Anakonza kapu ya khofi yomwe inali kale pamalo pake. Kenako anachotsa timatabwa ta ku mawilo, n'kutembenuza mpando.

Anandiyang'ana. Nkhope yomwe ndinaiona sinali ya munthu wosalabadira, inali ya munthu amene wakhala masiku osagona tulo. Anatambasula dzanja pang'onopang'ono n'kuliika pamimba panga.

"N'chachikulu bwanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ngati ndimu. Zili m'kalata ija munaiwongola pa firiji."

"Ndinawerenga, mayi. Ndaiwerenga mwina kakhumi."

"Ndiye bwanji osandifunsa? Bwanji mayina aja ali m'kabuku mpaka lero?"

Analoza mashelefu a kumbuyo kwawo, komwe kuli mafayilo awo. "Muno chilichonse chikawonongeka ndili ndi pepala lake. Injini ikayaka moto, ndikudziwa chogwira. Matayala akakana kutuluka, ndikudziwa. Nanga kuchipatalako ndikagwira chiyani? Akakulowetsani, n'kutseka chitseko, ine n'kutsala pa benchi manja lende. Ndikafufuta mayina aja ndiye kuti Lolembalo lifikadi."

Mwina mkazi wina akanasungunuka mtima pomwepo. Ine ndinapsa mtima kuposa poyamba.

"Ndiye mantha onse a m'nyumba muno mwatenga ndinu? Wokang'ambidwa ndani, inu kapena ine? Ine ndikuopa, bambo! Ndikuopa kuti akandigoneka sindikadzuka. Ndikuopa zomwe akapezemo. Ndimafuna kuuza munthu zimenezi, munthu wake ali kalikiliki kutsuka mbale yodzaza ndi chakudya. Sindikufuna woyendetsa ndege kumeneko. Ndikufuna munthu wa pa benchi, wa manja lende yemweyo, woti ndikatsegula maso ndikamupeze."

Sindinafune kulira pamaso pa masikirini amenewo, koma misozi sipempha chilolezo. Ndinapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, pepala lija lili pamiyendo.

"Ndibwerezenso funso?" ndinatero.

"Ayi." Anandiyang'ana m'maso. "Womudikirira ndine."

"Ndiye imbirani ophunzira aja. Pompano, ndikuona."

Anapapasa foni ndi dzanja lamanzere n'kuimba. Anayankha mayi wina wa mawu okweza, amene wakhala akulephera mayeso oimika galimoto chobwerera m'mbuyo.

"Aphunzitsi, kwagwanji Loweruka?"

"Pepani mayi, Lolemba sitiphunzira. Akazi anga akulowa opareshoni, ndiye ine..."

Mawu anathera pomwepo. Kanali koyamba kuti nkhaniyi ituluke pakamwa pawo, ndipo itatuluka inawatsamwitsa. Munthu wamkulu, wa imvi m'mutu, malaya oyera ositasita, anaweramira pa maondo anga mapewa akugwedezeka, uku foni ikuti, "Halo? Aphunzitsi? Halo?"

Taonani moyo wanga. Wodwala ndine, wotonthoza ndinenso, ndipo tsopano mlembi ndine. Ndinawalanda foniyo n'kumufotokozera mayiyo kuti adzaphunzira sabata inayo, kenako n'kuimbira wophunzira wachiwiri. Nthawi yonseyi dzanja lawo lamanja linali lidakali pamimba panga, lolemera ngati la mwana wogona. Linkandipana pamalo penipeni popweteka, koma sindinalisunthe.