Thumba Lopanda Makadi

Komiti inagamula kuti chaka chino woyimbira masewero omaliza asadziwike mpaka tsiku lomwelo. Inatiitana anthu atatu n'kutikhazika m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa bwalo. Mafoni anatilanda. Zikwama nazo anazitsekera m'kabati, kuopa kuti wina angaponyemo kenakake kotigulira.

Wapampando atalowa analoza ine.

"Aphunzitsi, mpirawu ndi wanu. Mulibe m'bale m'matimu onsewa, komanso simuseka."

Wezulo inali kale m'khosi. Ndinapempha chikwama changa.

"Makiyi ali ndi mlembi."

"Mlembiyo ali kuti?"

"Tamutumiza kutali, foni atathimitsa, kuti asanyengedwe ndi munthu."

"Bwana, makadi anga ali m'chikwamamo."

"Bwerekani kwa anzanuwa."

Anzanga awiriwo anangotembenuka n'kuyang'ana kabati. Wapampando anakanda m'mutu, kenako anatsitsa mawu.

"Zimenezi zithere muno. Atolankhani akamva, amene simudzayimbiranso mpira waukulu ndinu. Komiti siyiwala makadi."

Ndinalowa m'bwalo ndili ndi thumba lapachifuwa lopanda kanthu, lomwe malemu mkazi wanga analisokerera batani kuti makadi asamagwe.

Timu yovala zobiriwira inali ndi wotchinga kumbuyo wina yemwe ochemerera amamutcha Chigayo, chifukwa chilichonse chodutsa pafupi naye chimatuluka chili ufa. Mpira usanatenthe n'komwe, anali atasesa kale miyendo ya munthu. Bwalo lonse linakuwa kuti ndimupatse kadi.

Ndinaimba wezulo, n'kupita kwa iye pang'onopang'ono, chifukwa sindinkadziwa chochita ndikafika. Dzanja linapita lokha pathumba. Ndinayamba kumasula batani lija.

"Akulu, musatulutse," anatero Chigayo, manja ali kumbuyo. "Apongozi anga abwera kudzaonera."

"Ukudziwa mtundu wa kadi imene ili m'menemu?"

"Ndikuiganizira, akulu."

"Uziiganizirabe."

Ndinamanganso batani.

Kuyambira pamenepo ndinathamanga dzanja lili pachifuwa ngati wodwala mtima. Chigayo akayandikira munthu, ndinkangokhudza batanilo, iye n'kubwerera. Kaputeni wa timu inayo ananditsata chigawo chonse chachiwiri.

"Makadiwo mukusungira ukwati, bambo?"

"Woyamba kuwaona ukhala iweyo."

Anasiya kunditsata. Mpira unatha popanda wothyoka, ngakhale kuti malaya anga anali atanyowa kuposa a osewera.

Wapampando anandipeza m'kachipinda kaja ndikudikira chikwama, mlembi asanabwerebe.

"Mwaona? Masewero omaliza opanda kadi ngakhale imodzi. Dongosolo lathu lagwira ntchito. Chaka chamawa tichita chimodzimodzi, ndipo muimbiranso ndinu."

Ndinamuyang'ana. Panali zambiri zonena, koma ndinangofunsa kuti mlembi afika liti. Anati mwina Lolemba.

Makiyi a kunyumba kwanga analinso m'chikwama momwemo.