Nkhata ya ku Nathenje

Lumo linali kale m'manja mwa Maness pamene Zipora anakanikiza duku lake ndi manja onse awiri.

"Mutu uwu simuukhudza, alamu."

Azimayi amene anakhala pamphasa kuseri kwa nyumba ya siwa anayang'anana. Gilibati, mwamuna wa Zipora, anali ataikidwa dzulo lake, ndipo mwambo wa kumeta unkadikira namfedwa kuti ayambe, ena onse atsatire. Maness, mlongo wa malemuyo, anatsitsa lumo pang'onopang'ono.

"Mwati bwanji?"

"Ndati sindimetera mwamuna amene ndinkagawana ndi wina. Akamete wa ku Nathenjeyo. Si uja analira kuposa ine?"

Palibe anafunsa kuti akunena yani, pakuti onse anaona. Gilibati anamugoneka pafupi ndi kamtumbira ka Lovemore, mwana wawo wachiwiri amene chikuku chinamutenga asanayambe n'sukulu yomwe. Nthawi yoika nkhata, a mpingo atangomaliza, panatulukira mayi wina wachilendo, wojintcha, amuna atatu ali pambuyo pake. Ananyamula nkhata yoti ku Mitundu konse sinaonekepo: yakuda bii, yonyezimira, yolukidwa ndi timalamba topyapyala. Anaiika pamtumbira n'kudzigwetsa pansi.

"Mayo ine, a Gili! Lachinayi ndizikangana ndi yani ine? Mwandisiyira yani?"

A Gili! Mkulu wa mpingo wathunthu, munthu woti mkazi wake yemwe sanamutchulepo dzina chikwatiranireni! Ngakhale kwaya inasokoneza nyimbo. Ndipo aliyense ankadziwa kuti Lachinayi ndilo tsiku limene Gilibati ankamanga panjinga mipini imene ankasema, n'kupita kukagulitsa ku Nathenje.

"Alamu, manyazi," Maness ananong'ona. "Abusa akadali pabwalopo. Wakufa sazengedwa mlandu."

"Ndiye ndikazenga wamoyoyo. Dickson! Tulutsa njinga ya abambo ako."

"Namfedwa atuluke m'mudzi asanamete? Mutisiyira minyama, alamu!"

Zipora anamanga chitenje chake mwamphamvu. Dickson, mwana wawo woyamba, anatulutsa njingayo mozemba ngati wakuba, amake n'kukhala pakaliyala pomwe pankakhala mipini.

Njira yonse Dickson ankapalasa akuganiza zake. Chibwerere matipate, mavidiyo anali atamera pamsika uliwonse, ndipo panalibe munthu wodana nawo kuposa bambo ake. Ankawatchula mabokosi a Satana, pagome penipeni. Tsiku lina anamupeza iyeyo Dickson, munthu wandevu kale, m'vidiyo ya pa Mitundu, namutulutsa atamugwira khutu anthu akuona, kenako n'kumuimitsa kwaya. Ndiye munthu wotereyo akhale ndi mkazi wamseri?

Anafika pa Nathenje dzuwa lili paliwombo. Woyamba kumufunsa za bambo wogulitsa mipini sanachedwe n'komwe.

"A Gili? Pepani ndithu. Pitani kuseri kwa golosale ya a Abdulkarim."

Kuseriko kunali chishedi cha malata, jenereta ikulira, chimkuzamawu chili padenga chikulavula zibakera ndi mikuwo. Dickson anazindikira nthawi yomweyo kuti ndi nyumba ya vidiyo. Pakhomo panakhala mayi wojintcha uja ndi beseni la zitumbuwa. Atawaona anadzambatuka, kenako anagwada.

"Mayi! Mwayenda ulendo wonsewu muli pachisoni? Ine ndine Jenifa."

"Sindinabwerere moni," anatero Zipora. "Ndiuzeni pamaso pa mwana wangayu. Ndinu mkazi mnzanga?"

Jenifa anayasama kukamwa. Anayang'ana Zipora, anayang'ana Dickson, kenako anawomba m'manja kamodzi.

"Ine? Ndi a Gili? Abale inu! Munthu wonyoza karate ngati ameneyo ine ndingamuphikire? Bester! Zimitsa chinthucho, ubwere udzamve zimene akumunenera mkazi wako!"

Jenereta inatsokomola n'kuzima. Anthu m'katimo anadandaula, koma atamva kuti kwabwera a kunyumba kwa a Gili, anatuluka mwaulemu, ena atavula zipewa. Bester, mwamuna wa Jenifa, anatulukira akupukuta manja, ndipo Zipora anamuzindikira: anali mmodzi wa atatu a kumanda aja. Abdulkarim, mwini malowo, bambo wa imvi ndi kofia yoyera, anawalowetsa m'shedimo nawaonetsa benchi la kutsogolo, kumapeto kwake, pafupi ndi khoma.

"Malo awo ndi awa, mayi. Mipini ndinkawagula ine yonse m'mawa. Akatero, tsiku lonse ali pamenepa."

"Mwasokoneza munthu," anatero Zipora. "Bambo a Dickson anali mkulu wa mpingo."

"Eya, omwewo. Baibulo m'thumba la jekete, chipewa pabondo. Asanakhale ankayamba ayang'ana uku ndi uku ngati muli munthu wa ku Mitundu."

Zipora anakhala pabenchi lomwelo.

"Koma kukangana kwake!" Jenifa anali atayamba kale kupukuta misozi. "Ine ndimafera karate, mayi, sindibisa. Iwo amvekere, 'Jenifa, amuna makumi awiri azungulira munthu mmodzi, koma akubwera mmodzimmodzi ngati pachigayo. Nzeru zimenezo?' Ine ndimvekere, nanga mafilimu a amwenye anuwo, munthu amubera mkazi, iye m'malo mothamangira akuyamba kaye kuvina paphiri!"

"Za asilikali ndiye ankachita kutukwana," Bester analowerera. "Ankati mfuti yosatha zipolopolo ndi bodza loposa la andale."

"Kutukwana?" Dickson anafunsa ndi kamawu kakang'ono.

"Osati kwambiri, achimwene. Koma wachifwamba akamazembera munthu, ankaimirira n'kukuwa, 'Ali kumbuyo kwakoyo, chitsiru iwe!' Anthu ankabwera Lachinayi kudzaonera iwowo, osati kanemayo."

Dickson anagwira khutu lake lakumanja osadziwa. "Nanga ine anandikokeranji khutu pagulu?"

"Mwina munkaonera za karate," anatero Jenifa.

Panalibe woseka. Zipora ankayang'ana kabokosi ka kanema kozima kutsogoloko ngati kangathe kumuyankha. Mkazi mnzake panalibe, zoona, koma mtima sunatsike. Bambo amene ankagona naye nyumba imodzi uja ankakuwa pamalo pano? Ankaseka pano? Kwawo kuseka kwake kunali kwa chaka ndi chaka. Ndiye iye anakwatiwa ndi yani? Zinamuwawa kuposa za mitala zija.

"Nanga chinkhata chija?" anafunsa.

"Ndi tepi ya m'kaseti, mayi," anatero Bester. "Filimu yawo ya pamtima, ya Chimwenye. Ankaiitanitsa mpaka inatha, ndalumikiza ndi guluu mpaka ndatopa. Titamva za maliro tinati ipite ndi mwini wake. Analuka ndi mayi awa."

"Filimu yoipa zedi," Jenifa anafwenthera m'chitenje. "Ya mayi wosoka zovala, mwamuna wake atamwalira. Ndiye ali pa siteshoni ya sitima, chikhamu cha anthu, kamwana kake kam'pulumuka m'manja..."

"Pa depoti ya basi," anatero Zipora.

"Ayi mayi, sitima."

"Pa depoti ya basi ku Lilongwe. Kamwana ka chipsera cha moto paphewa. Mayiyo anagulitsa makina ake osokera kuti azikafunafuna."

Abdulkarim anaweramira kutsogolo.

"Munaionera kuti, mayi?"

"Kuionera?" Zipora anaimirira, manja ali m'mutu. "Kalanga ine! Bambo a Dickson anandiuza kuti zachitika kuno ku Nathenje! Ankati ndi mayi wa kuseri kwa msika! Ine ndinakaipereka nkhani imeneyi ku Chigwirizano, azimayi a mpingo tinagwada kumupempherera mayi ameneyo! Alamu anga a Maness anasala kudya!"

Zinayamba kumubwerera imodzi ndi imodzi. Lachinayi lililonse madzulo, akatsuka mapazi pakhonde, Gilibati ankayamba ndi mawu omwewo: "Amake Dickson, zimene ndamva ku Nathenje lero." Msilikali amene anabwera kwawo n'kupeza mkazi atakwatiwa ndi mng'ono wake. Mapasa amene anakulira kosiyana, wina wapolisi wina mbava. Mtsikana wosaona amene ankaimba paukwati wa bwenzi lake. Zipora ankangodabwa kuti Nathenje ndi malo otani, kamsika kakang'onong'ono koma mavuto osatha. Ndipo ankalidikira Lachinayi, ankalidikira ndithu, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene mwamuna wake ankalankhula mpaka phala kuzizira, akusintha mawu, akutambasula manja.

"Onsewo ndi a m'bokosi umu?"

"Onsewo, mayi," anatero Abdulkarim.

Zipora anakhalanso pansi. Anapukusa mutu.

"Chabwino. Bola mayi wosokayo anamupeza mwana wake. Tsiku limene anandiuza ndinalira ndi chimwemwe. Atakula bwinobwino, akuyendetsa lole, anamuzindikira ndi chipsera chija."

Jenifa anayang'ana mwamuna wake. Bester anayang'ana pansi.

"Mayi," Jenifa analankhula motsitsa, koyamba tsiku limenelo. "Kumupeza amamupeza. Koma amamupeza m'chipatala. Mwanayo amafera m'manja mwa amake, filimu n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake ine ndimadana nayo."

"Bodza."

"Taionera kosawerengeka, mayi."

"Nanga mtsikana wosaona uja? Si anachira maso?"

Abdulkarim anavula kofia, naitembenuza m'manja, naivalanso.

"Ikamafika kumapeto ankaphimba nkhope ndi chipewa," anatero. "Tsiku lina ndinawafunsa kuti, a Gili, mumaiitanitsiranji filimu yokulizani chonchi? Anati, 'Anthu awa nkhani amaidziwa kuyamba, koma kumaliza sadziwa. Ndimakaikonza panjira.' Ine ndinati, ndiye mukunamiza mayi kunyumba. Iwo anati, 'Mkazi wanga anaika kale mwana mmodzi. M'nyumba mwanga simufanso mwana, ngakhale wa m'kanema.'"

Dickson anatulukira panja msangamsanga. Zipora anatsala. Anasisita benchi paja pamene thabwa linasalala ndi kukhalidwa, ndipo kulira kumene kunamukanika kumanda dzulo kunabwera tsopano, konse. Jenifa anakhala pambali pake namugwira paphewa, osanena kanthu za karate.

Anabwerera dzuwa litapendeka. Atayandikira mudzi, Dickson anafunsa osacheuka.

"Amayi, abusa tikawauza chiyani?"

"Kuti mipini inkayenda malonda. Palasa."

Azimayi aja anali akadali pamphasa, nkhope zili gwa. Maness anaimirira, lumo atalikulunga pansonga ya chitenje.

"Mwamuona mkaziyo?"

"Ndamuona. Ali ndi mwamuna wake, ndipo achimwene anu ankangogula zitumbuwa."

Maness anapumira m'mwamba, nakhala pansi. Anamasula lumo lija, koma asanayambe anaima kaye, ngati wakumbuka chinthu chimene chakhala chikumusautsa.

"Alamu, poti mwafika komweko. Mayi wosoka zovala uja, amene tinkamupempherera. Achimwene anati anamupeza mwana wake, koma ine mtima sunakhazikike. Mwamva zoti ali bwanji?"

Zipora anagwada pamphasa. Anamasula duku, nalipinda bwinobwino, naliika pabondo.

"Ali bwino," anatero. "Mwanayo akuyendetsabe lole. Metani, alamu."