Supuni ya m'Dashibodi

Ine ndine Hafiz, ndimawotcherera zitsulo ndi kukonza magalimoto pano pa Sharpevale, ndipo chimene ndimadana nacho kwambiri ndi galimoto yosokosera paliponse. Injini ilire, hutala alire, basi. Phokoso lina lililonse ndi ulesi wa mwini wake.

Tsono a Paison, mlimi wa ku Champiti, atandikokera pikiapu ya malemu bambo awo, ndinangopukusa mutu. Inali itakhala zaka khumi ndi ziwiri pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Koma munthuyo anali ndi chifukwa. Kumapeto kwa mwezi kunali mwambo wa chiliza cha bambo awowo, ndipo mayi awo, aNangozo, amene maso anasiya kuona bwino, ananenetsa kuti kumandako sadzapita pa galimoto ina koma ya amuna awo. Manda ali patali, ndipo miyendo ya mayiwo inatha kale.

Injini ndinaidzutsa, mabuleki ndinakonza. Chinatsala ndi dashibodi, imene inkagwedera ngati dzino lofuna kuzuka. Nditaimasula ndinapeza mabulaketi awiri oigwira atathyoka, lachitatu litadyeka ndi dzimbiri. Malemuwo anangoimanga ndi mphira za chubu, ndipo pampata wa pakati pa dashibodi ndi chitsulo anatsekerapo supuni ya tiyi. Supuni, anthuni! Ndinaseka ndekha mpaka kutsokomola.

Ndinadula mabulaketi atsopano, ndinaboola, ndinawotcherera, n'kumanga ndi mabawuti anayi. Nditamenya ndi chibakera, dashibodi inangoti zii. Ndinakondwa, sindinama. Supuni ija ndinaitsuka n'kumatakasira tiyi wanga, ndipo inkakhala m'thumba la ovololo.

Lachisanu masana tinanyamuka awiri, ine ndi a Paison, kukaipereka ku Champiti. Msewu wonse wa mabampu uja, m'galimoto munali bata ngati m'kalasi ya mayeso. Tinapeza aNangozo atakhala pakhonde, ndipo sanatembenuke n'komwe.

"Amayi, yafika," anatero a Paison.

"Yafika ya yani?"

"Ya abambo. Aikonza a Hafiz awa."

"Paison, usandipusitse chifukwa choti maso anafa. Makutu alipo. Ya abambo ako ndinkaimva ikadali kutsidya kwa mlatho, ikuti ngwe-ngwe-ngwe, ine n'kuteleka madzi. Iyi wabwereka. Sindikwera."

A Paison anawalondolera dzanja pa chitseko, pa mpando, pa chiwongolero. Mayiwo anangoti zitsulo zonse n'zofanana. Ndinaona mwamuna wamkulu, wa ana anayi, misozi ili m'maso. Chiliza chinali mawa lake.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti wolakwa ndine. Ndinakonza mopitirira muyeso. Ndinapisa dzanja m'thumba, ndinagwada pansi pa chiwongolero, n'kupachika supuni ija ndi kawaya pambali pa bulaketi langa latsopano, mwakuti izigunda chitsulo. Manja ankachita kukana, poti m'moyo wanga wonse ndinali ndisanaikepo phokoso m'galimoto mwadala.

"A Paison, tailizani."

Injini italira, supuni nayo inayamba: ngwe-ngwe-ngwe. ANangozo anadzutsa mutu. Anaimirira okha osagwira ndodo, n'kuyenda molunjika kumene kunkachokera kulirako.

"Ndi imeneyi," anatero motsitsa mawu, kenaka n'kutembenukira kwa ine. "Nanga inu bambo, chimalira chonchi n'chiyani? Zaka zonsezi sindinafunsepo."

Ndinatenga dzanja lawo n'kulilowetsa pansi pa dashibodi. Zala zawo zinapapasa supuniyo mpaka kuchigwiriro, pamene panali kaduwa kozokotedwa. Anaphulika kuseka, misozi ikutsika.

"Supuni yanga ya pa ukwati! Zinalipo zisanu ndi imodzi, imodzi inasowa. Munthu uja anakana kuti sanaione, n'kumati ndinataya ndekha potsuka mbale. Anakana mpaka kulowa m'manda!"

A Paison anafunsa ngati tiichotse, aibwezere pa zinzake m'kabati.

"Isiyeni pomwepo," anatero aNangozo, uku akukwera n'kukhala pampando wakutsogolo, ngakhale ulendo unali wa mawa. Anakonza chitenje chawo bwinobwino. "Mawa ndipita nayo ikulira chomwechi. Akaimve ikubwera, adziwe kuti ndadziwa."