Gitala Youmitsidwa Ngati Tiyi

Ndakhala pachikamwini kuno kwa Nchilamwela zaka khumi ndi ziwiri, koma apongozi anga aakazi, mayi Fainess, anali asanandipemphepo kanthu ndi pakamwa pawo. Akafuna chitseko ankauza mkazi wanga Alesi, Alesiyo n'kudzandiuza ine. Ndiye tsiku limene anafika okha pashedi yanga ya ukalipentala, ndodo dzanja ili, gitala dzanja linali, ndinangoti kakasi.

"Bambo a Doris," anatero atakhala chapatali, nkhope ataloza kumbali, "Loweruka la sabata yamawa tikuvundukula chiliza cha apongozi anu. Ndikufuna iyi ikalire kumandako. Maso anga anatha, koma makutu alipo."

Ndinavomera msangamsanga. Kunena zoona, ndinkafuna kumva mayi amenewa akunditi zikomo kamodzi kokha ndisanafe.

Gitalayo malemu anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata. Kuzungulira pabowo pake ndi m'khosi monse anaikamo tizigoba ta nkhono za kunyanja yamchere, todula ngati timasamba, tonyezimira ukatiloza kudzuwa. Koma inali itakhala kudenga la khitchini zaka zitatu. Utsi unaidetsa bii, thabwa lakumsana linali litamatuka, ndipo tizigoba tisanu ndi tiwiri tinali titagwa kalekale. Nkhono za kunyanja yamchere ndikanazipeza kuti ku Thyolo kuno, kumene ukatembenukira kulikonse ndi tiyi yekhayekha?

Ndinapita kukaunjika paboma n'kuyamba kufufuza malaya akale, ndikugogoda mabatani pamano. Batani la pulasitiki limamveka lofunda, la chigoba chenicheni limazizira. Mayi wogulitsayo anandifunsa ngati kwathu kwagwa njala. Ndinapirira. Mabataniwo ndinawasema ndi tupa, limodzilimodzi, mpaka zala zinatuluka matuza. Ndinapala mwaye wonse, ndinamata msana n'kuumanga ndi mphira za chubu cha njinga, tizigoba tonse n'kukhala m'malo mwake. Lachiwiri la sabata ya chiliza ndinapaka vanishi, gitala n'kuwala moti ndinkadziona nkhope.

Madzulo ake chiperoni chinatsika. Nkhungu inaphimba minda ya tiyi, kamvula kowaza kosaleka, ndipo vanishi anakana kuuma.

Apa m'pamene analowerera alamu anga a Yesaya, achimwene ake a Alesi, amene anayenera kudzaimba gitalayo pamwambo. Amagwira ntchito kufakitale ya paesiteti, pamakina oumitsira tiyi, ndipo palibe chinthu pansi pano chimene sachidziwa. Paja amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Lachitatu anabwera, n'kudinda chala chachikulu pavanishi wanga.

"Alamu, chikadali chonyowatu ichi."

"Chiuma. Chonde musachigwire."

"Chiuma liti? Kwathu tiyi amalowa ali chinyezi chokhachokha, twente minitsi watuluka ali gwa."

"Gitala si tiyi, alamu."

Anaseka ngati ndanena nthabwala. Ndinafafaniza chidindo cha chala chawo ndikutukwana chamumtima, chifukwa mkamwini sakweza mawu pamudzi pa eni ake.

Lachinayi m'mawa ndinakwera kabaza kukagula nsambo zatsopano. Pobwera masana ndinapeza msomali uli wokha pakhoma.

"Alesi, gitala ili kuti?"

"Atenga achimwene. Akuti mwagwirizana."

"Tagwirizana chiyani?"

Alesi anangobwerera kukhitchini.

A Yesaya anatulukira ataweruka, atanyamula thumba paphewa ngati muli chinangwa. Anali asakusekanso. Ndinasolola gitalayo. Vanishi yense anali atatuwa, atachita matuza, ndipo fumbi la tiyi linali litamatirira paliponse. Thabwa lapamimba linang'aluka kuchokera pabowo mpaka kumunsi. Guluu anasungunuka, tizigoba n'kuthothoka. Tina tinkalira m'kati mwa gitala ndikaigwedeza, tina anatitulutsa m'thumba la ovolosi.

"Ndinangoiika pambali pa makina, alamu, osati m'kati," anatero. "Kenako asupavaiza anandituma kusitolo, ndiye inakhalitsako pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Shifiti imodzi basi."

Mtima unandiwira. Ndinalakalaka kuwakhoma nayo pamutu gitalayo, inali itatha kale. Masiku asanu ndi anayi a ntchito yanga, munthu n'kukawaotcha ngati mbatata! Koma amene anatuluka pakamwa panga ndi mawu awiri okha: "Chabwino, alamu."

"Amayi musawauze," anatero akutuluka. "Akudwaladwala paja."

Lachisanu ndinayamba kunja kusanayere bwino. Ndinapala vanishi yense mpaka thabwa linatsala loyera. Mng'alu ndinauthira guluu, n'kumata tizidutswa ta mkungudza cha m'kati, dzanja nditalipinda kudzera pabowo mpaka linachita dzanzi. Tizigoba ndinatibwezera ndi guluu wouma msanga uja, amene anandimata zala kangapo. Titatu tinasowa ndithu, ndiye ndinadula mabatani a malaya anga a ukwati. Za vanishi panalibenso nthawi, ndinangopaka timafuta pang'ono n'kupukuta. Fumbi la tiyi lomwe linakanirira m'kati ndinaligwedeza, ndinaliuzira, ndinalikolowola ndi kansalu, koma lambiri linatsalira m'makona.

Loweruka nkhungu inayera. Abusa atatha pemphero, nsalu itachotsedwa pachiliza, a Yesaya anakhala pabenchi n'kuyamba nyimbo ya Chilomwe imene malemu ankaikonda. Ine ndinaima kumbuyo ndi akamwini anzanga, mtima uli m'mwamba, kudikira kuti mng'alu utseguke. Sunatseguke. Gitala inalira bwino, mawu onenepa, mpaka azimayi anayamba kuyankhira.

Nyimbo itatha, apongozi anatambasula manja. "Bwera nayo kuno."

Anaisisita khosi lonse, chala chikuima pakachigoba kalikonse. Ndinasendera kutsogolo pang'ono kuti akafunsa za mmisiri asavutike kundifunafuna. Kenako anaweramira pabowo paja n'kununkhiza. Anakhala choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka.

"Fungo la bambo ako ili," anatero misozi ikutsika. "Zaka makumi atatu pamakina aja. Akaweruka ankalowa m'nyumba akununkhira chonchi, tiyi wongotuluka kumene pamoto. Ndani anaganiza zokaitengera kumeneko?"

A Yesaya anandiyang'ana kamodzi, n'kutsokomola. "Ndine, amayi."

"Mwana wanga! Wandibwezera mwamuna wanga lero. Zikomo, Yesaya, zikomo."

Nthungululu zinalira manda onse. Anthu anaunjikana kuwagwira chanza a Yesaya, iwo n'kumalandira ndi manja awiri, mutu ataupendeketsa ngati munthu wodzichepetsa. Ine ndinapsa mtima mpaka makutu anatentha, komanso misozi inalengeza, ndipo sindinadziwe kuti ndikulirira chiti. Ndikanatsegula pakamwa ndikanawalanda mayi aja chimene anali atangochilandira.

Apongozi anapukuta m'maso, gitala ili pamiyendo, n'kutembenukira kwa mwana wawo wamkazi.

"Alesi, uwauze bambo a Doris abweze mabenchiwa kutchalitchi mvula isanayambenso."