Khoma la Wamanzere

Minibasi inanditsitsa pamene panathera phula. Kunali kutada kale. Kondakitala analoza ndi chibwano.

"Ndi uko, akulu. Nyumba zoyerazo."

Anamenya chitseko, anapita.

Ndinalowa pageti chikwama chili paphewa. Misewu yowongoka ngati yojambula ndi rula. Nyumba uku, nyumba uku, zonse nkhope imodzi: kakhonde, mawindo awiri, denga lobiriwira. Fungo la penti ndi simenti yosauma. Ndagonapo m'madepoti ine, ndagonapo pamwamba pa katundu m'malole, koma sindinasocherepo ngati tsiku limenelo. Mpopi umodzi womwewo ndinaudutsa katatu.

Mlonda anandiwalitsa tochi kumaso.

"Mukufuna ndani?"

"Bambo anga. Anawasamutsira kuno mwezi watha. Ndi achimwene awo a eni kampani."

"Eni kampani ali ndi achimwene? Kuno?" Anaseka, kenako anakanda m'mutu. "Kapena mukunena madala amangogogoda makoma aja? Tsiku lonse go, go, go, n'kumapukusa mutu. Mzere wachisanu ndi chiwiri, nyumba yakumapeto. Mukawauze asiye. Akutithawitsira ogula."

Ndinawapeza atakhala pa ndowa yozondotsa pakati pa balaza. Mipando inalipo, yatsopano, ikadali m'mapulasitiki. Sanaikhalepo.

"Kamphepo," anatero. Ndilo dzina ankanditchula. "Yakubweretsa ndi njala kapena mvula?"

"Ndabwera kudzakuonani."

"Bodza umalitha ngati bambo ako aang'ono. Khala pansi."

Panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri ndisanawaone. Anali atachepa. Manja okha ndiwo anatsala akale, aakulu, ong'alukang'aluka, ngati obwereka kwa munthu wina. Ndipo sananame. Anandiitana ndi bambo aang'ono. Uthenga wawo unali waufupi: pali ntchito yoyendera malo onse amene kampani ikumanga, ndi galimoto yakeyake. Moyo wanga wonse ndinkayenda pa matayala a eni. Ndinanyamuka tsiku lomwelo.

Kampaniyo ndi ine tinabadwa chaka chimodzi. Inayamba ndi anthu awiri ndi wilibala ya tayala lachitsulo. Bambo anga ankamanga. Mng'ono wawo ankakanya simenti, kutunga madzi, ndi kulankhula. Pakamwa ndiye anali napo. Nyumba yoyamba anaimanga kuti tizikhalamo: zipinda ziwiri, njerwa zosapaka, khoma lakumaso lowongoka mwakuti odutsa ankaima kaye. Mphunzitsi wina anafuna yotero. Kenako sukulu yonse. Kenako lole yoyamba, yolira poikankha. Kenako mapepala a umwini wa kampani. Bambo anga anadinda chala pamene anawalozera n'kuthamangira pamakwerero, poti simenti sidikira munthu. Mng'ono wawo anagula tayi.

Ndili ndi zaka khumi, malole anali asanu ndi atatu. Ndili ndi zaka makumi awiri, kampani inkamanga nyumba mazana awiri nthawi imodzi, ndi njerwa za makina, ndipo bambo anga anauzidwa kuti akapume. Akuti ankachedwetsa ntchito. Akapeza khoma lopotoka ankaligwetsa ndi mwendo, kapitawo akuona.

Tsopano kampani inali kukwanitsa zaka makumi anayi. Anamanga likulu latsopano la magalasi okhaokha, ndipo anafuna chokumbukira chiyambi. Anabwera kwathu ndi macheka a makina. Khoma lakumaso analidula lathunthu, kulimanga m'zitsulo, kulinyamula ndi kireni, kukaliimika polowera alendo. Zotsala za nyumba anasalaza. Chikwangwani chamkuwa chinali chitalembedwa kale: khoma loyamba, lomangidwa ndi manja a mwini kampani.

"Ndiye munangovomera?" ndinafunsa.

"Ndinavomera."

"Inu?"

Anamwetulira. Mano anatsala ochepa, koma kumwetulira kunali konse.

"Tseka chitseko."

Ndinatseka. Anatenga supuni pambale n'kuyandikira khoma.

"Ona. Mmisiri akakhazika njerwa, simenti imatuluka pamzere. Amaidula ndi mpeni womangira. Wamanja amadula chonchi, ndipo mzere umene mpeni wasiya umapendekera uku. Ine ndine wamanzere. Ndimadula chonchi." Supuni inayenda chobwerera. "Mizere yonse ya khoma lija inapendekera kwina. Njerwa iliyonse ili ndi dzanja langa."

"Angaone zimenezo ndani, bambo?"

"Bilidala aliyense. Ngakhale wa chaka chimodzi pantchito. A masuti adzawerenga chikwangwani. Amisiri adzawerenga khoma. Nanga mng'ono wanga? Amadyera kumanja, amasainira kumanja, anthu amawathamangitsa ntchito ndi chala chakumanja."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Ndinawapatsa madzi.

"Alembe zimene akufuna," anatero akupukuta misozi. "Walinyamula yekha, ndi kireni yake, wakaliika pamene aliyense adzadutse. Ine ndingafunenso chiyani? Nyumba atenge. Koma iwe, pakamwa."

"Ndingauze ndani ine?"

Hutala inalira panja tisanamalize tiyi. Kawiri, mofatsa.

"Ndi mng'ono wanga ameneyo," anatero bambo. "Salowa. Akuti makoma ake amamupatsa chimfine."

Galimoto inali yaitali, yakuda. Dalaivala anatsika n'kukaima patali. Ndinalowa kumbuyo. Munkazizira ngati m'butchala. Bambo aang'ono anadzaza theka la mpando. Mawu awo anali ofewa, monga kale.

"Mwana wanga. Wakula. Kodi mphepo imanenepetsa?"

"Ndimayesetsa, bambo."

Anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika pa bondo lawo. Makiyi awiri, kachikopa katsopano.

"Galimoto yako ili pageti paja. Yoyera. Sinayendepo. Mafuta ndi a kampani, kogona ndi kwa kampani. Sabata ino kumpoto, sabata yamawa kummwera. Palibe wokufunsa kuti wagona kuti."

Ankandidziwa munthu ameneyu.

"Koma pali kanthu kakundisowetsa tulo," anapitiriza. "Bambo akowa anakana kusamuka zaka zisanu. Ndinatuma maloya, ndinatuma abusa, ndinatuma azakhali ako. Ayi. Tsiku limene ndinatchula za khoma, anavomera pomwepo, akumwetulira. Achimwene anga akamwetulira, ine ndimayang'ana pansi pa mpando. Akonza chiyani? Adzaimirira pa mwambo wotsegulira likulu n'kuyamba kulankhula? Kubwera anthu akuluakulu, iwe."

"Sindikudziwa, bambo. Ndangofika kumene."

"Wangofika, koma mwatseka chitseko." Anagwedeza makiyi aja pang'ono. "Ntchito imeneyi ndi ya maso. Ukaona kanthu, umandiuza. Ukamva kanthu, umandiuza. Tiyambire pompano."

Ndikanakonda kunena kuti anandiopseza. Sanatero. Sanakweze n'komwe mawu. Ndinayang'ana makiyi, ndinayang'ana nyumba zoyera zija zitandandalika mumdima, ndinaganiza za minibasi yam'mawa. Ndinanena zonse. Ndinaonetsa ndi dzanja, chonchi ndi chonchi. Ndinayeserera ngakhale mawu a bambo anga, ndi kachifuwa kawo komwe, kuti mwina aseke.

Sanaseke. Anatambasula dzanja lawo lamanja n'kuliyang'ana, la mphete ziwiri, losalala ngati la mwana.

"Zaka makumi anayi ndikudutsa pakhoma limene lija," anatero. "Sindinaonepo."



"Njerwa zosapaka zimaoneka zaumphawi," anatero kenako. "Ndinawauza anyamata aja. Lifunika pulasitala. Wosalala bwino, penti yoyera pamwamba." Anandiponyera makiyi pamiyendo. "Ndipo wodziwa kupaka mumzinda muno alipo mmodzi yekha. Tiye."

Analowa m'nyumba. Anavula chipewa pakhomo. Anakhala pa mpando wa m'pulasitiki uja, unalira.

"Achimwene, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Palibe. Ndabwera ndi vuto." Anapukusa mutu ngati munthu wothedwa nzeru. "Ana a masiku ano sadziwa kupaka. Amangomata ngati akumata mphika. Kulikulu kuja kuli kakhoma kamodzi, alendo onse adzakaona. Ndayesa atatu, ndathamangitsa atatu. Ndithandizeni, achimwene. Ndachita manyazi, koma ndabwera."

Bambo anga anayang'ana manja awo. Zaka makumi awiri palibe amene anawapempha ngakhale kukhoma msomali. 

"Manja anaiwala," anatero.

"Manja anuwo? Musandiseketse."

"Mchenga wake ndi wotani?"

"Wosefa. Monga mumafunira."

"Ndikasefanso ndekha. Anyamata ako amasefa ndi maso."

"Mukasefe, achimwene. Aliyense akamvera inu mawa." Anaimirira n'kundigwira paphewa. "Akakusiyani ndi mwana wanuyu. Ndamulemba ntchito. Galimoto ndamupatsa kale."

Bambo ananditembenukira. Nkhope imene anandionetsa sindinaionepo chibadwire.

"Iwe, wangoti duu? Thokoza bambo ako."

Ndinathokoza. Ndi manja awiri.

M'mawa anandidzutsa kusanayere. Anali atavala kale ovolosi yakale, yosita, mizere ili chilili. Zida anazikulunga m'thumba la simenti: mpeni womangira, levulo, kathabwa kosalazira kakuda ndi ukalamba. Ndevu anameta, anadzicheka pawiri.

Galimoto inalira kamodzi kokha. Fungo la mipando yatsopano. Mlonda uja anatichitira sawasha potuluka, maso ali tong'o.

Bambo analankhula njira yonse. Za mchenga, za madzi, za mmene umanyowetsera khoma usanaliponyere simenti kuti igwire. Ankagwira lamba wa pampando ndi manja awiri.

"Mwina wakula mng'ono wangayu," anatero. "Munthu akayamba kumva mawondo amakumbukira abale. Unamuona? Anavula chipewa."

"Ndinaona."

"Ndikamaliza ndikaliona khoma langa. Akuti analiika pabwino, pamene pamafika dzuwa. Ukalioneko nawe tsiku lina. Koma osaseka pamaso pa anthu."

Ndinakweza wailesi.

Likulu linali lalitali, magalasi kuyambira pansi mpaka kumwamba. Magetsi a m'kati anali akuyakabe. Kudzera pagalasi ndinaona matumba a simenti atasanjidwa kale, mulu wa mchenga pa lona, makwerero. Kuseri kwa makwererowo kunali kofiira: njerwa zosapaka zija. Bambo maso awo sankaonanso patali.

Anatsika n'kukoka thumba lawo.

"Sulowa?"

"Ndachedwa, bambo."

"Umachedwa tsiku lililonse, kopita ulibe." Anamenya denga la galimoto kawiri ndi chikhato. "Uyende bwino. Usaigunditse ya eni."

Anakwera masitepe mmodzimmodzi, thumba lili kumsana. Pakhomo lagalasi panali chopondera chachitali, chatsopano. Anaima. Anatula thumba pansi. Anapukuta nsapato yoyamba, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako inzake. Anatukula phazi n'kuyang'ana kunsi kwake, anapeza kadothi, anakachotsa ndi chala n'kukaika m'thumba la ovolosi. Anayambanso kupukuta.

Ndinalowetsa giya akupukutabe.